Ndatsekeredwa

Loko wa pakontena ya wokonza mafoni anachita kumudula ndi sowo. Ogulitsa anzake pamsikapo ndi amene anaitana apolisi ataona kuti dzuwa lakwera, kontena ndi yotseka, koma njinga ya mwiniwake idakali chitsamirire pakhoma pamene anaisiya dzulo. Chitseko chitatseguka, kutentha kwa mkatimo kunawawomba a Sajeni kumaso ngati atsegula uvuni.

Mwamunayo, amene msika wonse unkamutchula kuti Injiniya, anali atagona chafufumimba pakati pa tebulo ndi khoma, malo oti munthu sangatembenuke n'komwe. Kunkhongo kwake kunali bala limodzi lalikulu. Mafoni a makasitomala anali ndanda pashelefu, osasowapo ndi imodzi yomwe. Imene kunalibe inali yake yokha. M'thumba la buluku lake anapezamo loko wake ndi kiyi wake.

"Wakuba uyu ngwaulemu," anatero a Sajeni, mayi amene anakalambira pa ntchito yofufuza milandu mpaka bondo linayamba kuwavuta. "Mafoni onsewa wawasiya, n'kutitsekeranso ndi loko wakewake." Anatola loko wodulidwayo n'kumuika m'chikwama.

Woyamba kumuganizira anali mkazi wa malemuyo, chifukwa amsika ananena kuti sabata yathayo anabwera kudzamulalatira mwamuna wake pagulu. A Sajeni anamukhazika m'kachipinda kofunsiramo mafunso, kopanda mphepo, kokhala ndi kawindo kamodzi pafupi ndi denga.

"Munakangana chifukwa chiyani, mayi?"

"Chifukwa cha foni," anayankha mayiyo akupukuta misozi ndi kumapeto kwa mpango. "Munthu ndikumupatsa chakudya, iye maso ali gwa pa foni. Ndikamufunsa, akuti ndikuganizira Njiwa. Inu mukanamva bwanji? Ndinaganiza kuti wapeza chibwenzi."

"Dzulo madzulo munali kuti?"

"Kuchipatala, ndikudwazika amayi anga. Kafunseni manesi."

Manesi anavomerezadi, ndipo njira imeneyo inathera pomwepo. Koma a Sajeni anafuna kudziwa za Njiwayo. Mayiyo anatulutsa foni yake. Atayamba kukayikira mwamuna wake, naye analowa m'gulu lomwe iye ankachezamo, lotchedwa Ichi N'chiyani.

Anali masewera basi. Munthu amajambula chinthu pafupi kwambiri mpaka chisadziwike, n'kutumiza pagulupo kuti anzake alote. Aliyense anali ndi dzina longopeka. Wina akalota molondola, mwini chithunzi amalemba kuti "Wakhoza", n'kuonetsa chinthu chonsecho. Amene mutu wamuima amalemba kuti "Ndatsekeredwa", kutanthauza kuti wagonja.

A Sajeni zoterezi ankazitenga ngati zibwana za anthu osowa chochita. Foni yawo inali ya mabatani, ndipo ankanyadira nayo. Komabe anavala magalasi n'kuyamba kuyang'ana zithunzi za Njiwa, zimene zinali zitatu.

Choyamba chinali kanthu kakuda kopindika kunsonga. Anthu analota kuti ndi mbedza, ena mchira wa nyani, ena chogwirira cha ketulo. Chachiwiri chinali mzere wowala pakati pa mdima, ndipo ambiri anati ndi mphezi. Chachitatu chinali banga lofiirira losakanikirana ndi kubiriwira. Wina wotchedwa Mbaula analemba kuti "Biringanya lowola", n'kuikapo tinkhope toseka. Palibe anakhoza ngakhale chimodzi.

"Apa analemba ndani?" anafunsa a Sajeni, chala chili pansi pa chithunzi choyamba.

"Njiwa yemweyo."

"Mwati mawu akuti 'Ndatsekeredwa' amalemba ndi amene walephera kulota. Nanga mwini chithunzi angalephere bwanji kulota chithunzi chake chomwe?"

"Ndi zimene anthu ankamuseka nazo," anatero mayiyo. "Ankati Njiwa ndi wozerezeka, malamulo sakuwamva."

Mawuwo anali pansi pa zithunzi zonse zitatu. A Sajeni anayang'ananso chachitatu chija. Pa ntchito yawo anali ataonapo mtundu umenewo kambirimbiri pa mikono ya amayi obwera kudzadandaula. Unali mkwingwirima wa munthu womenyedwa. Mzere wowala uja unali kuwala kolowera pansi pa chitseko chotseka. Njiwa sankasewera ayi. Ankalira pamaso pa gulu lonse, gululo likuseka.

Uthenga womaliza wa Injiniya unali wa dzana: "Njiwa, ndakhoza. Yankho ndimaliona tsiku ndi tsiku. Pirirani, mlongo wanga." Kuyambira pamenepo Njiwa anali zii.

A Sajeni anachita mantha. Wakufayo analibenso changu, koma kwinakwake m'tauni muno munali mkazi wamoyo m'chipinda chotseka, ndipo munthu yekhayo amene anamumva anali ali kunyumba yachisoni. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Anabwereka foni ya mayiyo n'kubwerera kumsika.

M'kontena muja anakhala pampando wa malemuyo, thukuta lili kamukamu, n'kumayang'ana zimene iye ankaona tsiku ndi tsiku. Panali mawaya, tizipangizo tomasulira mafoni, kalendala yachikale. Kenako anadzutsa maso pa kawindo kolandirira makasitomala. Chitsulo chilichonse chotchinga pawindopo chinathera ndi kansonga kopindika ngati mbedza. Anayandikizitsa foni ija. Zinali zofanana ndendende.

"Zitsulo izi anapanga ndani?" anafunsa mayi wogulitsa nsapato pafupipo.

"Wowotcherera wa kuseri kwa msika uyo. Ndi yekha amapinda choncho, amati ndi siginecha yake."

"Ali pabanja?"

"Eya, koma mkazi wake sitinamuonenso chaka chino. Amati anapita kwawo."

Wowotchererayo anamupeza ali chigwadire pa geti limene ankalumikiza pafupi ndi mulu wa mbaula zogulitsa, bambo wa mapewa otambalala, wolankhula mofatsa. Anakanitsitsa kwamtuwagalu. Injiniya ankangomudziwa ngati kasitomala, za masewera a pafoni sankazidziwa, mkazi wake anali kwa makolo ake.

"Tabwereketseni makiyi ali m'chiunomo, bambo."

Anali ambiri, ngati a woyang'anira ndende. A Sajeni anatulutsa loko wodulidwa uja n'kuyamba kuyesa mmodzimmodzi, mosafulumira, wapolisi mnzawo ataima pakhomo ndi unyolo. Kiyi wina wamng'ono analowa, n'kutembenuka, loko n'kulira kuti tapu.

"Loko uyu ndi amene anatsekera mtembo," anatero a Sajeni. "Munthu wozolowera kutseka sachoka pakhomo osakhoma. Dzanja linakuperekani, bambo. Kapena ndizikutchulani kuti a Mbaula?"

Bamboyo anakhala pansi pa fumbi.

"Mkazi wanga ndi wokongola, mayi," anayamba motsitsa mawu. "Akapita kumsika amuna amamuyang'ana, iye n'kumawayankha moni akumwetulira. Mtima unkandiwawa. Ndinaika zitsulo m'mawindo, chitseko ndinachiwotcherera chokhomera chakunja. Sindinkamumana kanthu. Foni ndinkayenda nayo ine, koma madzulo ndinkamupatsa kuti asewere masewerawo ine ndili pambali pake, kuti asamasungulumwe. Chilichonse cholemba ndinkachiona."

"Ndipo simunamve."

"Ndinkaseka nawo! Ndinkati sakuwadziwa malamulo." Anagwira kumutu. "Dzulo masana Injiniya anabwera pano. Akuti, 'Achimwene, zitsulo zanu ndazizindikira. Katseguleni chitseko chija, apo ayi mawa ndipita kupolisi.' Ndani iyeyo kuti alowerere za m'nyumba mwanga? Ndinaganiza kuti akumufuna. Nthawi yoweruka ndinamutsatira ku kontena ndi hamala. Anatembenuka kuti atenge jekete, ndipo ndinamumenya kamodzi. Foni yake ndinaiponya m'ngalande."

"Mkazi wanu wadya liti?"

Bamboyo anayang'ana pansi. Chiphereni Injiniya anali asanapite kunyumba. A Sajeni anapsa mtima, koma anangomulanda makiyi ndi foni ya mkazi wake imene inali m'thumba la ovolosi, n'kuuza mnzawo kuti amumange.

Nyumbayo inali ya chipinda chimodzi, kumapeto kwa kanjira kopanikizika pakati pa mipanda iwiri ya njerwa. Mawindo anali otchingidwa ndi malata kuseri kwa zitsulo za mbedza zija. Pachitseko panali maloko awiri. A Sajeni anagogoda.

"Ndani?" Mawuwo anali aang'ono, osasa.

"Apolisi, mwanangu. Ndiwe Njiwa?"

Mkatimo munamveka kulira. Chitseko chitatseguka, mtsikana woonda anatchinga maso ndi mkono umene unali ndi banga lija. Anafika pakhomo n'kuima, ngati mapazi aiwala njira. A Sajeni anamupatsa madzi, osamukoka.

"Ndi Injiniya wakutumani?" anafunsa atamwa. "Anati wakhoza. Ndikufuna ndimuone, sindikumudziwa ndi nkhope yomwe."

A Sajeni anali atauzapo anthu ambiri za imfa. Anamuuza zoona, mosazungulira, kuti Injiniya wafa ndiponso amene wamupha. Mtsikanayo anatsamira pafelemu nthawi yaitali, misozi ikungoyenda.

"Foni yanga muli nayo?"

Anamupatsa. Iye anatuluka, phazi limodzi kenako linalo, mpaka anafika pa mpanda. Anatembenuka n'kujambula nyumba yonse: zitsulo, malata, maloko, chitseko chili chotsegula. Anatumiza pagulu paja, pansi pa uthenga womaliza wa Injiniya, ndi mawu amodzi okha.

"Wakhoza."