Mbalame Zimene Anapinda aStelia

Ine pa nkhani za maliro sindichita nthabwala, ndipo izi ndinaziona ndi maso angawa. Wokayika akafunse aFelista a ku Mlonyeni kapena aMateyo, mkulu wa adzukulu kwathu. Onsewa ali moyo.

Munali mu 2003 pamene kuholo ya tchalitchi chathu kunabwera mtsikana wa ku Japan kudzatiphunzitsa amayife kupinda mapepala. Sizasi ayi, guluu ayi, zala zokha basi, pepala n'kusanduka chule, duwa kapena mbalame. Dzina lake linatikanika kutchula, ndiye tinangomupatsa lathu, aNambalame. Ambirife tinkapitira kukaseka, poti zala zozolowera kusoka fodya zinkatulutsa mbalame zonga nkhuku yopondedwa ndi thiraki.

AStelia okha sankaseka. Anali akazi a tenanti pa esiteti ina ya fodya, kwawo ku Phalombe, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Tabeth, anali chigonere, zakuchipatala zitakanika. Tsiku lina aNambalame anatiuza kuti kwawo munthu akadwala, abale amapinda mbalame zambirimbiri n'kumupachikira pamwamba pomufunira kuchira. Iwo ananena mongocheza, koma aStelia anazitenga ngati mankhwala.

Vuto linali mapepala. Ife tinkalimbana ndi nyuzi zakale, koma sabata yotsatira aStelia anabwera ndi mapepala okongola, oyera ndi apinki. Ankanunkha dothi lonyowa.

"Mwawatenga kuti amenewa?" aFelista anafunsa.

"Pa nkhata za pa manda atsopano aja, a mwana wa akapitawo," anayankha chonong'ona. "Womwalira maluwa atani nawo? Wanga akupuma."

Cha kumanda sichilowa m'nyumba, ngakhale chikuni. Tinawauza ndithu, koma kholo limene mwana wake ali kayakaya lilibe makutu.

Lachisanu masana ine ndi aFelista tinapita kukazonda matenda. M'nyumbamo munali mbuu, chitseko chotseka, kamphepo n'komwe munalibe. Mbalame zija zinali lendelende pa ulusi pamwamba pa mphasa ya mwana. Zinkagwedera zokha. Tswa. Tswa. Fungo la dothi lija linadzaza nyumba. Kenako zonse zinaima nthawi imodzi, milomo yaloza pansi.

Tabeth, amene anali atasiya kale kulankhula, anatsegula maso.

"Amayi, akuti watsatira maluwa ake. Akuti ndisendere uko, akumva kuzizira."

"Ndani?" aStelia anafunsa.

Mwanayo anasendera, n'kusiya malo pamphasapo.

Sindinachitepo mantha otero. AStelia anadula ulusi uja, n'kukokolera mbalame zonse m'chitenje. AFelista anatsala ndi wodwala, ife tinathamangira kwa aMateyo, poti kumanda sulowa wopanda adzukulu. Titafika pa mtumbirapo aMateyo anagwada, kuwomba m'manja, kupepesa. AStelia anamasula mbalame imodziimodzi n'kumabweza mapepalawo pa nkhata. Mitengo yonse inali zii. Ngakhale njiwa sinalire.

Pobwerera tinapeza aFelista ataima patali ndi nyumba, atagwira pakamwa. Pakhonde panali Tabeth, atakhala tsonga, akudya mbatata. Wochira bwinobwino. AStelia anataya chitenje, anathamanga, namukumbatira misozi ili chuchuchu.

"Tabeth! Mwana wanga!"

Mwanayo anawayang'ana mwaulemu, monga mwana wolangika ayang'anira mlendo.

"Pepani mayi, ine ndine Rozi. Mungandiperekezeko kwathu?"

AMateyo anangokhala pansi pomwepo. Dzina limenelo tinali titangoliwerenga pa mtanda wa pa mtumbira uja.

Fodya atangotha, banjalo linanyamuka usiku umodzi kubwerera ku Phalombe, akapitawo asanamve kanthu. Obwera kuchokera kumeneko amati mtsikanayo anakula bwino, wathanzi, waulemu. Koma mpaka lero aStelia akaitana dzina la mwana wawo, palibe amene amavomera.