Wanjinga wa Pamlatho Wopapatiza

Wowotcherera zitsulo anaweruka mdima utagwa kale, chifukwa abwana anakakamira kuti geti la kasitomala lithe tsiku lomwelo. Anakwera njinga yake yopanda nyali, maso akuthethetabe ndi moto wa ntchito. Kunyumba mkazi wake anali ndi pakati potopa, ndipo analibe wina womudalira.

Pamsewu mkuluyu anali wamantha. Anzake ankamuseka kuti amapalasa ngati waba nkhuku, chifukwa chokakamira m'mphepete mwenimweni mwa phula. Iye ankangoti wamantha anafa ndi ukalamba. Koma kutsogolo kunali mlatho wopapatiza, wopanda pothawira, chitsulo uku ndi uku.

Atayandikira mlathowo anaona wanjinga wina akupalasa pambali pake. Wachokera kuti? Bambo wa jekete yonyezimira, kanyali kofiira kakuphethira kumbuyo. Koma njinga yake inali zii. Tcheni osalira. Matayala osamveka.

"Achimwene, m'mphepetemo mufa," anatero mlendoyo, osacheuka. "Lowani pakati pa mbali yanu, oyendetsa galimoto akuoneni. Mukabisala, akupanikizirani kuchitsulo."

Kumbuyo kunabangula lole. Kuwala kunawameza. Mtima unamuuza kuti athawire m'mphepete, koma mlendo uja anatambasula dzanja, n'kulowa pakati. Iye anatsatira.

Hutala! Mabuleki kwiii! Fungo la matayala opserera...

Lole inafatsa. Inawalondola pang'onopang'ono mpaka kutsidya, kenako inawadutsa. Wowotcherera anatembenuka kuti athokoze... Panalibe munthu! Msewu mbee. Thupi lonse linachita tsembwe.

Patsidyapo anapeza wokonza njinga akulongedza masipanala ake. Anamufotokozera zonse.

"Wa jekete yonyezimira?" anafunsa wokonza njingayo, n'kuika sipanala pansi. "Amenewo ndi aphunzitsi aja ankaphunzitsa ana malamulo a pamsewu. Galimoto inawagunda, n'kufera pamlatho pomwepo, papita zaka. Njinga yawo ndinakaitola ndine."

Wowotcherera anafunsa kuti: "Ndiye kuti tsikulo anali m'mphepete?"

"Ayi, achimwene. Anali pakati penipeni pa mbali yawo, nyali ikuyaka, jekete atavala. Sanalakwitse kanthu. Dalaivala ndiye anali pa foni."

Wowotcherera anayang'ana njinga yake. Ngati wodziwa malamulo onse anathera pamenepo, nanga iye wopanda ndi nyali yomwe? Sanakwerenso. Anakankha njinga mpaka kunyumba, akudumphira m'tchire galimoto iliyonse ikamveka.

Mkazi wake anamutsegulira chitseko, dzanja lili pamsana.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Bwino," anayankha, akuyang'ana pansi.

Usiku wonse anagona chagada, maso ali kudenga. Ntchito sakanaisiya, mwana ali m'njira. Ndipo njira yopita kuntchitoko inali imodzi yokha, yodzera pamlatho.