Nyimbo Yogonetsa Mwana Imene Inakuwa

Mavayolini atangoyamba kulira, Dunja anagwira pakamwa. Anzake anayi ankakwecha zingwe ngati akudula matabwa ndi sowo, ndipo a Brajković, aphunzitsi a nyimbo, anali atakwinya nkhope. Tsikulo ankasankha nyimbo imodzi yokha, mwa zimene ana a sukulu analemba, yoti idzaimbidwe pa konsati ya sukulu.

Ya Dunja inali nyimbo imene mayi ake ankaing'ung'udza posita zovala, asanapite kukagwira ntchito kunja, ku Munich. Dunja anailemba pa pulogalamu ya pakompyuta, ija yoliza chilichonse chimene munthu walemba, nayika chilembo cha p paliponse, kutanthauza kuti motsitsa. Ankaimvetsera m'mahedifoni m'mawa uliwonse ali m'tiramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, mutu atatsamiritsa pagalasi, nyumba za mumzinda wa Zagreb zikuyandama m'chifunga. M'maganizo ankawaona mayi ake atakhala kutsogolo m'holo, atavala chikhoti chawo chobiriwira, akuizindikira nyimboyo pang'onopang'ono.

Koma tiramu ndi chinthu chosokosa. Ikamakhota, mawilo ankakuwa n'kumeza nyimbo yonse, maloto n'kudukira pomwepo. Ndiye Dunja anayamba kusintha ma p aja kukhala f, kutanthauza kuti mokweza. Lero awiri, mawa atatu, mpaka yonse inkamveka bwinobwino pamwamba pa phokoso. Pepala limene anasindikizira oimba linali la ma f omwewo.

"Mwana wogona ndi nyimbo imeneyi ndiye kuti ndi gonthi," anatero Lovro, mmodzi wa oimbawo. "Usatiyang'ane choncho, mayi. Ifetu taimba zimene walemba."

A Brajković sanaseke nawo. Anamuuza Dunja kuti aiimbe yekha, mmene amaimvera mumtima. Iye anatsinzina n'kuyamba kung'ung'udza, motsitsa kwambiri moti anzake anasiya kugwedeza mipando.

"Imeneyi ndiye ndikanasankha, mwanawe," anatero aphunzitsiwo. "Koma si imene ili papepalapa."

Anasankha ya mtsikana wina. Zinamuwawa Dunja, ndipo tsikulo anabwerera kwawo wapansi, mahedifoni ali m'thumba. Atafika anatseka chitseko cha chipinda chake nabwezera ma p onse, mmodzimmodzi.

Mayi ake anabwerabe sabata ya konsatiyo. Ali kukhitchini, Dunja anayika kompyuta patebulo n'kudina batani. Poyamba zinkangokhala ngati palibe chikulira. Mayi aja anaima, kapu ili m'manja. Kenako anazimitsa wailesi, natseka zenera, nakoka mpando kusendera pafupi.