Dzira la Agogo Zebedee

Effie amakhala m'dera la Rugare, pafupi ndi njanji. Amakhala ndi amayi ake ndi agogo ake aamuna, a Zebedee.

Effie ankafuna abakasi yakeyake. Abakasi ndi chowerengera cha mawaya ndi mikanda. Kusukulu inalipo imodzi yokha. Ana aataliatali ankayamba kuigwira. Belu linkalira Effie asanaikhudze.

"Ndikupangira ine," anatero agogo. "Manja awa ankanyamula zitsulo za njanji."

Effie anatola zitsekerero za mabotolo. Anatola zofiira, anatola zobiriwira. Agogo anapeza waya wokhuthala.

Agogo anagwira waya. Anakoka. Waya sanapindike. Anakokanso. Waya sanapindike.

Amayi anasiya kuchapa. "Bambo, dzira lija mumadya? Anesi anati minofu ya okalamba imafuna zakudya zomanga thupi. Mazira, nyemba, matemba, mtedza."

"Ndimadya," anatero agogo, akuyang'ana kumbali.

Effie anapisa m'thumba la yunifolomu. Munali makoko a dzira. M'mawa uliwonse agogo ankamuikira dzira lawo m'thumbamo. M'mawa uliwonse Effie ankalidya. Tsopano mumtima munamuwawa.

Kutacha, agogo anamuitana monong'ona. "Effie, bweretsa thumba."

"Ayi, agogo."

"Iwe ukukula. Ine ndinakula kalekale."

"Ine ndadya phala. Dzira ndi lanu. Mukandipatsanso, ndikanena."

"Kazitape iwe," anaseka agogo. Kenako nkhope inagwa. "Kwathu wamkulu sadya mwana akuyang'ana. Chakudya sichitsika."

Effie anaganiza. Anaganizanso. Kenako anatembenuka, n'kuyang'ana khoma.

"Sindikuyang'ana. Idyani."

Kumbuyo kunamveka dzira likusweka. Koma kuyang'ana khoma n'kotopetsa.

"Agogo, ndifunseni masamu."

"Zinayi, uonjezepo zitatu," anatero agogo, kukamwa kuli kodzaza.

Effie analibe abakasi. Anatsinzina. M'mutu mwake anaona zitsekerero zili pa waya. Anasuntha zinayi ndi chala. Anasunthanso zitatu.

"Zisanu ndi ziwiri. Mwamaliza?"

"Sindinamalize. Chotsapo ziwiri."

Mawa lake anachita chimodzimodzi. Effie kukhoma, agogo ku dzira. Amayi akaphika nyemba, Effie kukhoma. Akagula matemba kumsika wa Mbare, Effie kukhoma.

"Khoma limeneli lalakwanji?" ankafunsa amayi akuseka.

Agogo anayamba kupita kumjigo. Poyamba ankanyamula kachigubu kakang'ono. Kenako ankanyamula chokulirapo. Masamu a Effie nawonso ankakulirakulira.

Mwezi unatha. Wina unathanso.

Loweruka lina agogo anatenga waya uja. Anagwira. Anakoka. Waya sanapindike. Effie anaumitsa milomo. Agogo anapuma pang'ono. Anakokanso. Pang'onopang'ono, waya anapindika.

Agogo anaboola zitsekerero ndi msomali. Effie anazilowetsa pa waya, zofiira pamwamba, zobiriwira pansi. Abakasi inatha.

"Tiiyese," anatero agogo. "Khumi ndi ziwiri, uonjezepo zisanu ndi zitatu."

"Makumi awiri," anayankha Effie, asanaikhudze n'komwe.

Agogo anagwira pakamwa. "Nanga ine ndavutikiranji?"

"Iyi ndipita nayo kusukulu," anatero Effie. "Aafupiafupi tiziyamba ndife."

Tsiku limenelo amayi anaphika mazira awiri. Lina la agogo, lina la Effie. Effie sanayang'ane khoma. Anadya akuyang'anana.