Chisa pa Khoma la Sitolo

Uyu ndi Phee. Anthu amamutchula Phee chifukwa salankhulalankhula. Mawu ake amathera kukhosi.

Bambo ake a Phee amapenta nyumba. Malaya awo ali ndi madontho a penti. Tsitsi lawonso lili ndi madontho a penti.

Sukulu itatsekera, Phee anapita nawo kuntchito. Bambo ankapenta sitolo ya nsapato.

Pakhonde la sitolo, pafupi ndi denga, panali chisa. Chisa cha matope. Chisa cha namzeze.

Phee anakwera pamakwerero. Anasuzumira. Munali timazira toyera, ta mathothomathotho. Tinali tofunda.

Phee ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuona timazira titaswa.

Eni sitolo anatuluka. Anaona zitosi pansi. Anayang'ana m'mwamba.

"Apenta! Makasitomala anga aziponda zitosi? Gwetsani chimenecho."

"Muli mazira, bwana," anatero bambo.

"Ine ndimagulitsa nsapato, osati mazira."

Phee anatsegula pakamwa. Mawu sanatuluke. Anangoyang'ana pansi.

Bambo asanapente, amayamba apala khoma lonse. Anapala apa. Anapala apo. Anafika pachisa. Anaima.

"Usalire, mayi wanga," anauza Phee. "Sitigwetsa. Tingosamutsa."

Analowetsa chopalira pang'onopang'ono. Chisa chinamatuka chonse, osasweka. Anachiika m'chitini. Chitini anachipachika mumtengo, kuseri kwa sitolo.

"Waona? Namzeze watukuka. Ali m'nyumba yamalata tsopano!"

Phee anamwetulira pang'ono.

Namzeze anabwera. Anaulukira pakhoma paja. Chisa panalibe. Anazungulira. Anabwereranso pakhoma. Chisa panalibe.

"Chili uko," Phee ananong'ona. "Uko, mumtengo."

Namzeze sanapite kumtengo. Iye ankadziwa pakhoma pokha. Anazungulira, anazungulira, akulira.

M'mawa mwake Phee anathamangira kuchitini. Anakhudza timazira. Tinali tozizira. Nyerere zinali zitalowamo kale.

Bambo anavula chipewa.

"Ndimayesa ndikuthandiza," anatero.

Anakumba kadzenje pansi pa mtengo. Phee anaikamo timazira. Anakwirira ndi manja.

Kunyumba Phee sanadye.

"Mwamutani mwanayu, bambo ake a Phee?" anafunsa amayi.

Bambo anatenga burashi yotsukatsuka kale. Anayamba kuitsukanso.

Khoma la sitolo linauma. Linayera mbee. Bambo anayamba kupenta mawindo.

Namzeze anabweranso. Pamlomo pake panali kathope. Anamata pakhoma, pamalo pomwe paja. Anapita. Anabwera ndi kathope kena. Anamatanso.

Eni sitolo anatuluka ndi tsache lalitali.

"Wabweranso kazitosi uja! Pakhoma langa latsopano!"

Anakweza tsache. Koma Phee anagwira tsache lija.

"Chonde, bwana," anatero ndi kamawu kakang'ono. "Ana ake oyamba anafa."

Eni sitolo anatong'ola maso.

"Iii! Kodi mwanayu amalankhula?"

Bambo anatsika pamakwerero.

"Bwana, ndikhomapo thabwa kunsi kwa chisa. Zitosi zizigwera pathabwa."

"Nanga likadzaza?"

"Ndizidzapala ine," anatero Phee.

Eni sitolo anayang'ana Phee. Anayang'ana namzeze. Anatsitsa tsache.

"Chitosi chimodzi chikangogwera pa nsapato zanga, chisa pansi. Mwamva?"

"Tamva, bwana."

Bambo anakhoma thabwa. Kho, kho, kho. Chisa sanachikhudze.

Ntchito yopenta inatha. Koma Phee ankabwerabe. Ankapala thabwa. Linkanunkha. Ana ena ankamuseka.

"Phee wazitosi! Phee wazitosi!"

Phee ankangopala. Akamaliza, ankapita kuseri, pansi pa mtengo paja. Ankaima pang'ono. Kenako ankabwerera kwawo.

Tsiku lina m'chisa munamveka kaphokoso. Tswii, tswii, tswii!

Phee anathamangira kunyumba. Anakoka bambo. Anakoka amayi. Amayi anabwera ndi thovu la sopo m'manja.

Bambo anamunyamula Phee paphewa. Phee anakweza khosi. Pamwamba pa chisa panatuluka timitu. Timilomo tachikasu, tonse yasaa!

"Ukuona chiyani kumeneko?" anafunsa amayi.

Phee anapukuta misozi ndi mkono.

"Onse ali ndi njala," anatero.