Chitini cha Zithunzi za Amalume

Loweruka lililonse dzuwa likangopendeka, Kamphepo ankasanduka mkaidi. Ndende yake inali pabalaza, pakati pa kabati ya mbale ndi mpando wa amalume ake. Dzina loti Kamphepo anamupatsa ndi amalumewo chifukwa mtsikanayo sankakhazikika malo amodzi. Ndiye tangoganizani munthu wotere kukhala phee maola awiri, chitini chili pamiyendo, anzake akusewera mpira wamanja kuseri kwa mpanda.

Amalume anayendetsa galimoto zonyamula katundu kwa zaka makumi awiri, kamera yaing'ono ikulendewera m'khosi. Palibe amene ankawatuma kujambula, kunali kukonda chabe. Chaka chapitacho anasiya ntchito, akuti msana unawavuta, n'kudzakhala kwa mlongo wawo, amayi ake a Kamphepo. Zithunzi zonse za maulendo awo zinali m'chitini cha mabisiketi, zoimikidwa mondondozana. Ntchito ya Kamphepo inali kutulutsa chimodzichimodzi kuyambira kutsogolo. Amalume ankachikweza m'mwamba, kufotokoza nkhani yake, kenako n'kupatsira mlendo. Lamulo linali limodzi: osadumphitsa, osasokoneza.

"Amayi, lero lokha ndipiteko kumpira," anadandaula Kamphepo ali kukhitchini. "Zithunzi zomwezija, nkhani zomwezija. Mpaka ndimazilota."

"Atelala akubwera kudzaona zithunzi. Amalume ako akuti iwe ndi amene umadziwa kugwira chitini," anatero amayi osacheuka n'komwe. "Mpira suthawa."

Kamphepo anapsa mtima. Amalume atapita kukasamba, iye anatsegula chitini chija n'kusakaniza zithunzi zonse ngati makadi. Nzeru yake inali yachidule: amalume akangoona chisokonezocho akwiya, atha tsiku lonse akukonza, ndipo iye amuthamangitsa pabalazapo. Kuthamangitsidwako n'kumene ankafuna.

Atelala, mnzawo wa amalume amene ankasoka pakhonde la golosale, anafika tepi yoyezera idakali m'khosi. Anakhala pansi, tiyi anabwera, ndipo chitseko cha ndende chinatsekeka. Kamphepo anasolola chithunzi choyamba. Chinali cha mbuzi itaima pamwamba pa matumba mu lole.

Amalume anachikweza monyadira. "Uwu ndi mlatho waukulu uja ndinkakuuzani, achimwene. Taonani zipilalazo. Ndinadikira m'mawa wonse kuti nkhungu ichoke."

Atelala anaseka mpaka kutsamwa tiyi. "Mlatho wa nyanga? Inu nthabwala simudzasiya."

Amalume anasekako pang'ono, koma kuseka kwake kunali kopanda mchere. Anatambasula dzanja. Kamphepo anawapatsa china, cha mayi wogulitsa malalanje m'mbali mwa msewu.

"Apa ndiye pachipata cha malire," anatero amalume. "Malole onsewa, mzere wake mpaka kuphiri uko. Tinagona pamenepa masiku anayi."

Ulendo uno atelala sanaseke. Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana mnzawo. Mluzu wa kumpira unamveka ngati ukulira m'nyumba momwemo.

Kamphepo anayang'anitsitsa nkhope ya amalume ake, mwina koyamba m'miyezi yambiri. Maso awo sanali pa chithunzi. Ankadutsa pambali pake, n'kukathera pakhoma. Zinthu zinayamba kumubwerera chimodzichimodzi: amalume kumuuza kuti awawerengere uthenga pafoni, akuti magalasi asowa, tiyi kutayikira pambali pa kapu, kamera kukhala pamsomali chaka chathunthu osaikhudza. Sunali msana umene unawachotsa pachiwongolero. Zithunzi zija sankaziona, anaziloweza pamtima mwa ndondomeko yake, ndipo ndondomekoyo ndi imene iye anaiphwasula.

Manyazi anamugwira. Kuti anene, aulula chinsinsi cha amalume pamaso pa mlendo. Kuti akhale chete, m'chitini munatsala zithunzi zoposa zana, ndipo chilichonse chiwachititsa manyazi. Anagwira njakata. Khomo linali pafupi, koma tsopano ngakhale akanamuuza kuti pita, sakanachoka.

Dzanja la amalume linatambasukanso. Kamphepo anasolola chachitatu, n'kuchiyang'ana kaye.

"Amalume, ichi ndi cha tayala lija linaphulika pamtsetse," anatero. "Muwauze za mwamuna uja anakubwerekani jeke."

Amalume anatembenukira kwa Kamphepo. Kenako anakhosomola. "Eya, tayala. Achimwene, tsiku limenelo ndinaona zakuda."

Anapitiriza choncho. Kamphepo ankatchula chithunzi, amalume n'kutola nkhani. Atelala, munthu wamkulu wodziwa kusunga pakamwa, ankangogwedeza mutu ndi kufunsa mafunso ngati palibe chimene chachitika. Potsanzika anagwira dzanja la mnzawo nthawi yaitali kuposa masiku onse.

Mlendo atapita, Kamphepo anangokhala, chitini chili pamiyendo.

"Mlatho umayamba, mbuzi imabwera ya makumi atatu ndi chimodzi," anatero amalume motsitsa mawu. "Ndani wasuntha, mphwanga?"

"Ndine, amalume. Ndimafuna mundithamangitse." Misozi inalengeza m'maso mwake. "Bwanji simunanene?"

"Munthu amene wayenda dziko lonse ndi maso ake, anene kuti sakuonanso chitseko cha kuchipinda kwake?" Amalume anapukusa mutu. "Iwe umatsekeredwa muno Loweruka lokha. Ine ndi tsiku lililonse. Chitinichi ndiye zenera langa."

Kamphepo anakhuthulira zithunzi zonse patebulo. Anayamba kuzisanja: mlatho, chipata cha malire, galu wogona pansi pa lole, mvula pagalasi. Anadabwa kuona kuti manja ake akudziwa njira. Nkhani zimene ankati zimamutopetsa zinali zitakhazikika mwa iye, iliyonse pamalo pake. Amayi anaima pakhomo la kukhitchini akumvetsera, ndipo amalume atati, "Mlongo wanga, Lolemba undiperekeze kuchipatala cha maso," iwo anangovomera ndi mutu, akupukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu.

Chithunzi chomaliza chitalowa, amalume analoza kumene kunali msomali. "Tenga kamerayo. Mpira sunathe, ndikuumva. Pita. Koma usakangodinadina, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kamphepo anapachika kamera m'khosi, n'kufika pakhomo. Chitseko chinali chotsegula, anzake akumuitana, koma anabwerera. Anatseka chitini chija bwinobwino n'kuchiika m'manja mwa amalume ake.

"Mundisungire malo kumbuyoku," anatero. "Zimene ndikajambule zikhala kumapeto. Ndidzakuuzani chimodzichimodzi mpaka muziloweze."