Kalipentala Wosowa Pokhala

Pachipatala chija aliyense ankamutchula Netiweki. Dzina la makolo anali nalo, koma ndani ankalikumbukira? Akangotulukira pakona, manesi ankayamba kukuwa kuti, "Netiweki yavuta!" mpaka dandaulo lija linasanduka dzina. Iye ndiye ankasamala makompyuta onse, ndiponso ndiye analemba pulogalamu yosunga mndandanda wa odwala opita ku opaleshoni. Anali mtsikana wa mtima wabwino ndi zala zothamanga, kungoti ankadzikhulupirira mopitirira pang'ono.

Madzulo amenewo, atakoleka kale chikwama paphewa, asisitala a ku wodi anamuitanitsa.

"Achemwali, mundithandize musanathawe," anatero asisitala. "Mawa kubwera madokotala achilendo aja. Agwira tsiku limodzi lokha, akapita ndiye mpaka chaka chamawa. Pamndandanda wathu ndikufuna wachisanu akhale wachiwiri, wachiwiri akhale wachisanu."

"Bwanji osangosintha nokha, asisitala?"

"Ndisinthe ndi chiyani, lilime? Pulogalamu yanuyi ili ndi batani lowonjezera ndi lochotsa basi. Losinthanitsa anthu munalisiya kwanu."

Wachisanu anali mayi wogulitsa nsalu, wa duku lofiira. Anali ndi matenda a shuga, ndiye sakanapirira njala mpaka masana kudikira mpeni. Wachiwiri anali bambo wachikulire, kalipentala, amene bedi lake linali pafupi ndi tebulo la asisitala. Chotupa cha pamsana chinamupha miyendo, ndipo dokotala anali atanena mosabisa kuti akadikira chaka china sadzadzukanso. Mkazi wake ankagona pansi, pambali pa bedi, tsiku ndi tsiku.

Kalipentala uja anamva zonse. "Apatseni malowo mayiwo," anatero akuseka. "Ine ndithamangira kuti? Miyendo inandinyanyala kalekale."

"Inu pakamwa pokha ndiye sipadwala," mkazi wake anamudzudzula akumukonzera bulangete.

Netiweki anaseka nawo, nalonjeza kuti ntchitoyo ndi ya mphindi zochepa. Koma asanafike n'komwe kuofesi yake, makompyuta a kolipirira anazima, kenako a kosungira mankhwala nawo anayamba matama. Pamene ankamaliza kuwanyengerera, usiku unali utapita kale, asisitala ataweruka, ndipo maso ake ankalemera ngati muli mchenga.

Ofesi yake inali kumapeto kwenikweni kwa chipatala, kupitirira kochapira zovala. Kanali kachipinda kopanda windo, kozizira nthawi zonse chifukwa cha makina oziziritsa makompyuta. Panja pake, m'kolido, munali benchi lalitali lakale limene odwala anasiya kukhalapo kuchokera pamene polandirira anthu panasamukira kutsogolo. Babu la pamenepo linali lofooka, lachikasu.

Ntchito inali yoti ithe usiku womwewo. Mbandakucha pulogalamu inkatumiza yokha mndandanda kuchipinda cha opaleshoni ndi kosungira magazi. Magazi ndi zipangizo ankakonzera okhawo olembedwa. Wosalembedwa, ngakhale alire chotani, madokotala achilendo sakanamukhudza.

Anakhala pansi n'kuyamba kulemba. Ankadziwa bwino msampha umene umakola ophunzira, woti kompyuta imayamba kuwerenga pa ziro, kotero wachiwiri kwa anthu ndi woyamba kwa iyo. Pamenepo anasamala kwambiri, mpaka anadziyamikira yekha mumtima. Kenako analemba mizere iwiri yokha. Woyamba unkati, pamalo achiwiri ika wa pachisanu. Wotsatira unkati, pamalo achisanu ika wa pachiwiri. Anadina batani, nayang'ana pamalo achiwiri. Mayi wa nsalu anali pompo. Anayasamula, natseka mndandanda osayang'ananso pansi pake. Paja amati kuthamanga sikufika.

Anatsamira mpando kuti apumitse maso pang'ono asanayambe ulendo wa kunyumba.

Go, go, go.

Anadzidzimuka. Sikunali kugogoda kwa alonda, amene ankamenya chitseko ndi ndodo ngati akuthamangitsa mbuzi. Uku kunali kofatsa, kwa munthu woyesa thabwa kuti amve ngati lauma.

"Ndani?"

Zii.

Go, go, go.

Anaimirira. Manja ake anali atazizira mpaka kuuma. Anatsegula chitseko pang'ono, nasuzumira.

Pabenchi paja panali anthu.

Anakhala mondondozana, atavala zovala za odwala, manja ali pamaondo. Palibe ankalankhula. Palibe ankatsokomola, chinthu chosachitika pabenchi la chipatala. Onse ankayang'ana khoma la kutsogolo kwawo.

Netiweki anafuna kuwafunsa kuti wawalola ndani kutuluka m'wodi, koma anayamba wawayang'ana mmodzimmodzi. Maso ake anayenda pamzere uja. Woyamba anali mnyamata wamtali womanga bandeji pakhosi. Wachiwiri anali mayi wa duku lofiira. Wachitatu. Wachinayi. Wachisanu anali mayi wa duku lofiira.

Anabwerera kwa wachiwiri. Anapitanso kwa wachisanu. Duku lomwelo, mfundo yake kumanzere. Chipsera chomwecho pachibwano. Wachiwiri anakweza dzanja kukanda khutu, wachisanu naye anakanda khutu nthawi yomweyo. Kenako onse awiri anatembenuza mitu pang'onopang'ono, namuyang'ana ndi nkhope imodzi.



Ndipamene anaona kuti pambali pa chitseko, pafupi kwambiri moti akanamukhudza, panaima munthu. Anali kalipentala uja. Anaima ndi miyendo yake, wopanda nsapato, wopanda ndodo. Koma kuwala kwa babu kunkadutsa m'mapewa mwake, ndipo utoto wokakatuka wa pakhoma unkaoneka kudzera pachifuwa chake.

"Pepani mwana wanga, ndakusokonezani," anatero ndi mawu otsika, aulemu. "Ndimati ndifunse. Mayiwa mwawapatsa malo anga, zili bwino, ndinavomera ndekha. Nanga ine mwandiika pati?"

"Pa... pachisanu, bambo."

Kalipentala anayang'ana pabenchi, napukusa mutu. Sanakwiye. Anangooneka wamanyazi, ngati mlendo amene wafika paukwati n'kupeza mipando yatha.

"Pali anthu pamenepo," anatero. "Ndazungulira chipatala chonse. Paliponse akuti sakundidziwa."

Pamene ankalankhula, zala zake zinayamba kuzimirira.

Netiweki anabwerera cham'mbuyo, nagwera pampando. Chitseko anachisiya chotsegula, chifukwa kutseka kunamuopsa kuposa kusiya. Anatsegula mndandanda. Pachiwiri, mayi wa nsalu. Pachisanu, mayi wa nsalu. Kalipentala panalibe paliponse.

Anayang'ana mizere yake iwiri ija, naona pamene analakwitsa. Mzere woyamba unakhazika mayi uja pamwamba pa kalipentala n'kumufufutiratu. Pamene mzere wachiwiri unkapita kukatenga wa pachiwiri kuti umusamutsire pachisanu, unapeza mayi yemwe uja, n'kumukhazikanso. Kompyuta siidandaula, imangochita zimene wailamula. Choipitsitsa chinali chakuti potumiza mndandanda, pulogalamu inkachotsa yokha dzina lobwerezedwa. M'mawa madokotala akanalandira pepala loyera bwino, lopanda chokayikitsa, ndipo bambo uja akanatsala pabedi mpaka chaka chamawa chimene sakanachiona ali woyenda.

Anayang'ana wotchi. Nthawi yotumiza inali itayandikira kwambiri.

Mwayi wake, kope la mndandanda wa madzulo linali likadalipo. Analibwezeretsa akulakwitsa zilembo n'kufufuta. Kumbuyo kwake sankamva kupuma kwa munthu aliyense, koma ankadziwa kuti akumuyang'ana. Anafufuta mizere iwiri ija, nalemba itatu. Nthawi ino anayamba wakonza posungira munthu mongoyembekezera, napatcha dzina loti m'manja. Tenga wa pachiwiri, umugwire m'manja. Pamalo ake ika wa pachisanu. Amene uli naye m'manja umukhazike pachisanu.

Sanafune kuthamanganso. Anayendetsa mzere umodziumodzi.

Atadina woyamba, dzanja lake lamanzere, limene linali logadama patebulo, linalemera. Munalowa kanthu kofunda, kogunda pang'onopang'ono ngati kamwanapiye. Sanayerekeze kuyang'ana. Anapinda zala mosamala kuti kasagwe. Anadina wachiwiri ndi dzanja lamanja. Panja benchi linalira kwee. Anadina wachitatu. Kufunda kuja kunachoka m'dzanja mwake, ndipo benchi linaliranso, kulira kwa thabwa limene munthu wotopa wakhalapo.

Anawerenga mndandanda wonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, akutchula dzina lililonse mokweza ngati mwana wasukulu. Onse analipo, aliyense kamodzi. Posakhalitsa sikirini inaonetsa kuti mndandanda watumizidwa.

Atalimba mtima n'kusuzumira panja, pabenchi panalibe munthu. Panali fumbi lokha, ndi babu lachikasu lija.

Alonda anamupeza kunja kukuyera, atakhala pansi pakhomo la ofesi, dzanja lamanzere atalifumbata pachifuwa.

"Mwagona kuno, aNetiweki? Kunyumba akuthamangitsani?"

"Alonda, usiku munaona anthu pabenchi apa?"

Alonda anayang'ana benchi, nayang'ana iye. "Ine pabenchi limenelo sindipereka moni," anatero, n'kupitiriza ulendo wawo.

Tsiku limenelo Netiweki sanapite kunyumba. Atangofika asisitala, anawafotokozera za mizere iwiri ija, kuti anatsala pang'ono kutaya munthu. Za pabenchi anazitchula mwachidule, maso ali pansi.

"Munalota, achemwali," asisitala anatero. "Koma maloto oterowo muzilota kawirikawiri."

Mayi wa nsalu analowa ku opaleshoni wachiwiri, natuluka bwino. Kalipentala analowa wachisanu dzuwa litapendeka, ndipo anakhalitsa. Netiweki ankangozungulirazungulira pakhomo la wodi, akunamizira kuyang'ana mawaya. Mumtima mwake munali manyazi, koma chimene chinadzaza kwambiri chinali kuthokoza. Munthu amene iye anamufufuta sanabwere ndi ukali kapena temberero. Anabwera kudzagogoda mwaulemu, nthawi ikadalipo. Akuluakulu sananame kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani sinachedwe kufika kochapira zovala. Amayi ochapa ankanong'onezana kuti nsalu ya pabedi la kalipentala inabwera ndi fumbi kumiyendo, fumbi lotuwa la kukolido yakale, pamene mwini wake sanaponde pansi miyezi yonseyi. Ena ankati ndi mzimu wa munthu wamoyo umene umayenda thupi likagona. Ena ankati mkazi wake ndi wa mapemphero kwambiri. Mmodzi anati zonsezo n'zabodza, koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kudutsa njira ya kubenchi.

Madzulo manesi analola Netiweki kulowa m'wodi. Mkazi wa kalipentala anamulandira maso ali ofiira, koma akumwetulira.

"Adokotala akuti zayenda bwino," anatero. "Chala chachikulu chagwedera, ndaona ndi maso angawa. Koma usiku wathawu, mwana wanga, ndinatsala pang'ono kukuwa. Ndinawakhudza, ali zii ngati mwala. Ndinawaitana, osayankha. Ndikuti ndithamangire anesi, ndinangomva apuma mwamphamvu, thupi n'kufundanso."

Netiweki anagwada pambali pa bedi. Bambo uja anali m'tulo ta mankhwala, dilipi ili pamkono, milomo itauma. Misozi ya Netiweki inayamba yokha.

"Zikomo, bambo," ananong'ona. "Zikomo kuti munabwera."

"Abwere kuti, munthu wosayenda?" mkazi uja anafunsa modabwa.

Kalipentala anatsegula maso pang'ono. Anayang'ana denga, kenako anayang'ana mtsikana uja nthawi yaitali, ngati akukumbukira kumene anamuona. Anasuntha dzanja pabulangete mpaka linapeza dzanja lake lamanzere, naligwira.

"Ndinu eti," anatero ndi mawu osasa. "Manja anu ndi ozizira, mwana wanga. Koma simunandigwetse."